Amene amalandira mwana tsiku loyamba: ku Mchinji ndi ku Chipata

Mwana wa ku Mchinji ndi mnzake wa ku Chipata amalankhula chinenero chimodzi, ena ndi pachibale ndithu, makolo awo amayenderana kudzera pa malire a Mwami. Koma aphunzitsi amene amawalandira akamayamba sukulu anasulidwa mosiyana, ndipo ana aang'ono kwambiri ndi amene kusiyanaku kukuwakhudza.

Ku Malawi wofuna uphunzitsi wa pulayimale amalowa ku koleji yophunzitsa aphunzitsi (TTC) ali ndi MSCE, kaya ku Kasungu, Karonga, Machinga kapena ku St Joseph's ku Bembeke. Maphunziro auphunzitsiwa, otchedwa IPTE, ndi a zaka ziwiri, pomaliza n'kulandira satifiketi. Kale ankakhala chaka chimodzi kukoleji, china pasukulu, koma kuyambira 2017 amayamba ndi materemu awiri kukoleji, awiri n'kukaphunzitsa, kenako n'kubwerera kukoleji materemu ena awiri. Dongosolo limeneli ine ndimaliyamikira. Wophunzira amabwerera ataona yekha kalasi ya Sitandade 1 ya ana oposa 100 atakhala pansi, mabuku osakwanira, ndiye mafunso amene amafunsa aphunzitsi ake amakhala ochokera pa zimene zamuvuta.

Ku Zambia njira ndi yotalikirapo. M'makoleji monga Chipata, Malcolm Moffat ku Serenje ndi David Livingstone, mphunzitsi wa pulayimale amaphunzira zaka zitatu n'kutenga dipuloma, ndipo wofuna digiri akhoza kupitiriza ku Chalimbana University. Kufupika kwa maphunziro a ku Malawi kuli ndi mbiri yake. Sukulu yaulere itayamba mu 1994, ana anachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni, boma linalemba anthu masauzande osaphunzira uphunzitsi, ndipo pulogalamu yotchedwa MIITEP inabwera kudzawaphunzitsa ali kale pantchito. Nako ku Mozambique changu chomwechi chinalipo: kwa zaka zambiri womaliza kalasi 10 ankaphunzira chaka chimodzi chokha n'kupatsidwa choko.

Koma pamene pakundiwawa ine ndi pa ana osafika zaka 6. Ku Zambia maphunziro a ana amenewa anawasamutsira ku unduna wa maphunziro mu 2011, makalasi awo anayamba kutsegulidwa pa sukulu za boma, ndipo kulera ndi kuphunzitsa mwana wamng'ono kunasanduka phunziro la kukoleji lokhala ndi dipuloma yakeyake. Wophunzirayo amaphunzira mmene ubongo ndi chilankhulo cha mwana zimakulira, mmene masewero, nyimbo ndi nthano zimakonzera mwana kuwerenga, ndiponso mmene angazindikirire msanga mwana amene sakumva bwino kapena akuchedwa kulankhula. Akalembedwa ntchito amalandira malipiro a boma ngati mphunzitsi wina aliyense.

Ku Malawi sukulu za mkombaphala zakhala zili pansi pa unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu. Alezi ake ndi anthu ongodzipereka a m'mudzi momwemo, ambiri amayi. Amwayi anaphunzitsidwako milungu iwiri, ena sanaphunzitsidwepo n'komwe, ndipo ambiri salandira kanthu. Sindikuwanyoza ayi, chifukwa popanda iwo ana ambiri akumudzi sakanaona ngakhale phalalo. Koma mlezi akapeza ganyu kapena nthawi yolima ikafika amasiya, ndipo ndani angamudzudzule? Kuumba mphika kumafuna dothi likadali lofewa, koma ife ntchito imeneyo taisiyira munthu amene sitinamupatse zipangizo.

Sikuti ku Zambia zonse zili bwino. Omaliza makoleji anakhala zaka zambiri pakhomo osalembedwa ntchito mpaka mu 2022 pamene boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 nthawi imodzi, ndipo vuto lodikirali omaliza IPTE akulidziwa bwino. Ndiponso chaka chachitatu chingathere m'manotsi ngati wophunzira sakuima pamaso pa ana mokwanira. Pamenepo a ku Zambia angatengereko kwa a Malawi.

Chimene ndikanakonda n'chakuti ma TTC a boma akhale ndi phunziro lathunthu la ana a zaka 3 mpaka 8, lolumikiza mkombaphala ndi Sitandade 1 ndi 2, ndipo malo oyamba apatsidwe kwa alezi amene ali ndi MSCE ndipo agwira kale ntchitoyi mwaulere.