Azakhali, kuseka mwaseka, koma m'nyumbamo akagone ndani?

Ndakhala ndikudzigwira kuyambira Lamlungu koma mtima wakana, ndilembe basi. Wokwiya akwiye.

Lamlungu madzulo tinali pakhonde kwa azakhali ku Ngabu. Kutentha kwa Okutobala kuno kuchigwa mukukudziwa, m'nyumba simukhalika ngakhale dzuwa litalowa, ndiye ka TV kaja ka sola anakatulutsira panja, ana n'kuyala mphasa. Mwana wa achimwene anabwera ndi memori kadi yomwe anakabenetsa pa Nchalo, momwe muli makatuni aja omasuliridwa m'Chichewa, womasulirayo akuthiramonso nthabwala zake. Gawo limene tinaonera linali la banja lina la kunja. Agogo ndi bambo a m'banjamo anapangana kuti mwana wawo wamkazi wakhalitsa pa umbeta, ndiye amupezere mwamuna. Anasankha mwana wa abwana a kuntchito kwa bamboyo, n'kumuitanira chakudya chamadzulo mtsikanayo osadziwa kanthu. Mnyamata uja anafika atatchena, galimoto yonyezimira, koma pofika pakati pa chakudya zinaululika kuti galimotoyo ndi yobwereka, ngongole zili mbwee, ndipo dzina la mtsikanayo analiiwala katatu konse. Mbale zinasweka, galu anathawa ndi nyama, agogo anagwera mu keke. Ana anaseka mpaka kugubuduka pamphasa.

Azakhali anaseka kuposa aliyense, mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Kenako anati, "Azunguwa satha kusankha. Akanabwera kuno tidzawaphunzitse. Ife tikamusankhira mwana mwamuna sitiphonya." Polankhula mawu amenewa maso awo anali pa mng'ono wanga, yemwe anakhala kumapeto kwa khonde akusola nandolo m'lichero. Mwanayo anangowerama. Ndinaona zala zake zitaima pa nandolo mmodzi, osamusola, osamusiya. Palibe anayankha. Inenso sindinayankhe, ndipo n'chimene chikundidya mpaka lero.

Ndiye ndiyankhira pano. Azakhali, amene akagone m'nyumbamo ndiye asankhe. Si inu. Si bambo. Si ine. Amene akatseke chitseko usiku n'kutsala awiriwiri ndi mwamunayo, ameneyo ndiye ali ndi mawu.

Mng'ono wangayu ali ndi zaka 22. Fomu 4 anamaliza, pano akuphunzira kusoka, makina akubwereka kwa mayi wina wa kumpingo. Kuyambira Ogasiti azakhali akungobwera ndi dzina la bambo wina wake. Akuti ali ndi khola la ng'ombe, njinga zamoto ziwiri zikuyenda kabaza, nyumba ya malata, chaka chatha anagulitsa thonje lambiri. Zonsezi tazimva mpaka kuziloweza. Chimene sitinamve n'chakuti mkazi wake woyamba anachokeranji. Mukafunsa, amati izo n'zakale. Bamboyu wabwera kunyumba kawiri, ndipo maulendo onse awiri wakhala pampando ndi bambo athu kukambirana za mitengo ya ng'ombe pa msika wa Ngabu. Mwanayo anangouzidwa kuti abweretse madzi akumwa, agwade, apereke moni. Sanamufunse ngakhale kuti amakonda chiyani, amafuna chiyani pa moyo wake. Anangomuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi monga amachitira ogula pamsika paja.

Mwanayu wakana katatu. Katatu! Koyamba anati ndi manyazi a chitsikana. Kachiwiri anati anzake akumunamiza. Kachitatu anati sukulu yamupatsa mwano. Nanga munthu akane motani kuti mumve kuti wakana? Alire? Walira kale. Asiye kudya? Mwafuna afike pamenepo? Mawu oti "ayi" ndi afupi, ngakhale mwana wa chaka chimodzi amawadziwa, koma akatuluka pakamwa pa mtsikana wa msinkhu wokwatiwa anthu akuluakulu makutu amagontha.

Mu katuni muja zonse zinatha pa mphindi makumi awiri ndi pang'ono. Mnyamata anathamangitsidwa, banja linakhala pa sofa n'kumaseka, nyimbo n'kulira. Gawo lotsatira mtsikana uja anali yemwe uja, msinkhu womwe uja, diresi lomwe lija, wopanda mimba, wopanda chipsera, ngati palibe chinachitika. Anthu ojambulidwa sakalamba, savulala, akagwa amadzuka. Kwathu kuno kulibe gawo lotsatira lofufuta dzulo. Mukamulowetsa mwana m'banja lolakwika mwamulowetsa ndi thupi lake lenileni, ndipo akadzatuluka adzatuluka ndi zimene wakumana nazo.

Sindikulota ayi. Ndili ndi achemwali anga. Madzi a Januwale 2015 atatichotsa ku Makhanga tinakhala miyezi ku kampu ya ku Bangula, tilibe mphika, tilibe mbuzi, zovala n'zomwe tinathawa nazo. Achemwali anali ndi zaka 19. Kunabwera bambo wina ndi matumba awiri a chimanga, ndipo azakhali omwewa, omwe sakuphonyawa, ndi amene anati uyu ndiye mwamuna, Mulungu watiyankha. Achemwali analira usiku wonse mu tenti, ine nditagona pambali pawo, ndinkamva msana wawo ukunjenjemera. Mmawa anavomera, chifukwa anauzidwa kuti akakana ndiye kuti akufuna tonse tife ndi njala. Anabwerera kwathu 2019 ndi ana awiri ndi kachikwama ka pulasitiki. Lero mukamalankhula nawo amatembenuza mutu kuti akupatseni khutu lakumanja, chifukwa lakumanzere linasiya kumva tsiku lomwe anamenyedwa ndi chipande cha nkhuni. Ana awo anazolowera, akafuna kuwanong'oneza kanthu amazungulira mbali inayo. Nthawi zonse ndikaona mwana akuzungulira choncho mtima wanga umawira.

Ndiye munthu yemwe anasankha banja limenelo akhale pakhonde, aseke katuni, anene kuti sitiphonya? Achemwali anali pompo, akumwetsa mwana wa mlamu wathu phala. Kaya anamva kaya sanamve, khutu lake ndi lomwe lija.

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mwambi umenewu munatiphunzitsa ndinu nomwe. Koma ikafika nkhani ya mwamuna wa ng'ombe mumauiwala, mumangoona kufiira kwa kunja. Ndipo nyererezo sizidzaluma inu. Inu mudzadya nkhuku ya chinkhoswe, mudzavina, mudzalandira chitenje, mudzabwerera kunyumba kwanu kukagona pa mphasa yanu mwamtendere. Wotsala ndi mkuyuwo m'kamwa ndi mwana wa eni.

Pali ena ayamba kale kulemba m'munsimu kuti umphawi, kuti njala, kuti namondwe Freddy wa 2023 anatisiya manja ali m'khosi. Ndikudziwa, ndinalipo, nyika, mizu ya m'madzi ija timadya nthawi ya njala, ndadyapo. Musandiuze.

Mwana si thumba la chimanga. Si ng'ombe yosinthanitsa. Si chiphaso chotulukira mu umphawi. Ngati banja lili ndi njala, njalayo ndi ya tonse, tiyeni tonse tikalime kudimba, tonse tikagwire ganyu yodula nzimbe, tonse tikagulitse nsomba. Bwanji mtolo wa banja lonse ukasenzedwe ndi mtsikana mmodzi, ndiponso ausenzere kuchipinda kwa munthu yemwe sakumufuna? Achimwene athu alipo atatu, amphamvu zawo, palibe anawauzapo kuti kwatira mayi uje wa golosale kuti tipulumuke. Akangoyerekeza kuwauza, mudzi wonse ungamve phokoso. Koma kwa mtsikana zimaoneka zophweka, amati ndi mwambo.

Mwambo wake uti? Ine mwambo ndimaulemekeza, ndipo wina asandinamizire kuti ndikunyoza chikhalidwe. Lobola sindikulimbana nayo. Ankhoswe ndimawafuna, tsiku langa likadzafika adzakhalapo. Koma mwambo umene agogo anandiuza ndi woti mnyamata amafunsira mbeta, mbeta imalola kapena kukana, ndipo ikalola m'pamene akuluakulu amalowapo kudzamanga zomwe awiriwo agwirizana. Nkhoswe amamanga mtolo womwe eni ake atola. Izi zoti akuluakulu ayambe agwirizana okha, ng'ombe ziwerengedwe, tsiku litchulidwe, kenako mwana auzidwe ngati chidziwitso cha maliro, ndi dyera lovala chitenje cha mwambo.

Ndipo lamulo lilipo, kaya simulifuna. Anthu ambiri kuno amangodziwa zoti mwana wosakwana zaka 18 sakwatiwa, chifukwa cha lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo oyendetsera dziko kwa 2017 komwe kunatseka mpata woti makolo azivomereza ukwati wa mwana wa zaka 15. Ndiye amaganiza kuti mtsikana akangokwanitsa 18 basi wasanduka katundu wololedwa. Ayi. Gawo 22 la malamulo oyendetsera dziko lino limanena kuti munthu aliyense asakakamizidwe kulowa m'banja. Munthu aliyense. Wa zaka 22, wa zaka 40, wamasiye, wosabereka, wosaphunzira. Silinati pokhapokha ngati azakhali ake aona kuti mwamunayo ndi wabwino.

Kukakamiza sikuti mpaka mumumange chingwe. Kumusala mwana pa nsima n'kukakamiza. Kumuuza tsiku ndi tsiku kuti anzako onse anakwatiwa, iwe udzakalambira pano, n'kukakamiza. Kumuuza kuti amayi ako BP yawakwera chifukwa cha iwe n'kukakamiza. Kulandira ndalama ya sopo kwa mwamunayo mwezi ndi mwezi kenako n'kumati tadya kale zake, tibweza chiyani, n'kukakamiza koipitsitsa, chifukwa mwamugulitsa mwana iye asakudziwa. Anakutumani ndani kuti mudye? Amene anadya abweze. Azakhali, shuga ndi sopo zija munalandira inu, bwezani inu.

Mumati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Chabwino. A 2015 aja agonera zaka zingati tsopano? Akoma? Pitani mukawafunse achemwali, koma mukaime mbali yakumanja.

Langizani, inde. Ngati mwana wabweretsa mnyamata woledzera, wakuba, wa mitala yobisa, nenani, kalipani, ndi ntchito yanu. Ngati mwaona mnyamata wakhalidwe kumpingo kapena kumunda, mutchuleni kamodzi, mwana akamuone yekha, acheze naye, aganize. Akati ayi, nkhani yathera pomwepo. Ayi wa mwini wake ndi wolemera kuposa inde wa mudzi wonse. Mukhoza kusonkhana azakhali, amalume, atsibweni, agogo, a mpingo, anyakwawa, nonse n'kuvomereza, koma palibe mmodzi mwa inu amene adzakhalepo pakati pa usiku mwamunayo akadzabwera ataledzera. Palibe adzamuchapire. Palibe adzamuberekere. Palibe adzapite naye kukayezetsa magazi, ndipo nkhani ya magaziyo simunaitchule n'komwe, mwangotchula ng'ombe.

Mng'ono wanga, ndikudziwa uwerenga izi pa foni ya mnzako. Pepa kuti Lamlungu ndinakhala chete. Ukadzafunsidwanso kachinayi ndidzakhala pambali pako, ndipo ndidzayankha ndisanapatsidwe mpata. Makina osokera tidzagula, ngakhale zitenge zaka ziwiri.

Ndipo poti ndayamba, ndinene za ankhoswe a masiku ano. Tsiku la chinkhoswe amafika m'mamawa, jekete pa thupi kutentha konseku, kulankhula mokoma, kusinthana nkhuku, kulonjeza kuti ana awa akadzayambana tidzakhala pakati. Zinthu zikavuta muwafune. Achemwali atamenyedwa ulendo woyamba anayenda wapansi kukagogoda kwa nkhoswe wawo, anawabweza pakhomo pomwepo kuti banja ndi kupirira, bwerera usatichititse manyazi. Ulendo wachiwiri anati ali kudimba. Ulendo wachitatu, wa khutu uja, ndinawaimbira ine ndili kuchipatala, magazi ali pa bulauzi ya achemwali, foni inaitana kawiri n'kuzimitsidwa. Anadzaonekera patatha miyezi itatu, osati kudzazonda wodwala, koma kudzafunsa za ng'ombe za lobola, kuti kuchimuna akuzifuna chifukwa mkazi wathawa yekha. Bambo ameneyo ndi amene azakhali amuuza kale kuti adzakhalenso nkhoswe wa mng'ono wanga.