Alekichala chonde, kosi ya pa Moodle isanjidwe poganizira wa foni

Nkhani iyi yandikhala pamtima nthawi yaitali ndiye lero ndingoyankhula basi. Chichokereni 2020 pomwe Covid inatseketsa masukulu mu Malichi muja, makoleji ambiri anathamangira pa intaneti, ena Moodle ena Google Classroom, mapulogalamu oikapo makosi kuti ophunzira aziwapeza pa foni kapena kompyuta, ndipo ine zimenezo ndimagwirizana nazo kwambiri. Koma kuponya manotsi pa intaneti ndi kusanja kosi si chinthu chimodzi ayi, ndipo pa kusanjapa ndi pomwe ana asukulu akuvutikira mwakachetechete.

Umatsegula kosi, mafayilo ali mbwee kuchokera pamwamba mpaka pansi, ina dzina lake notes, ina notes final, ina scan0003, za sabata yachisanu zili pamwamba pa za sabata yoyamba, asainimenti yabisala pakati pa ma PDF osadziwika kuti ndi yoti ipite liti. Zimangokhala ngati kaunjika wa mumsika wa Mzuzu, uvundukule mulu wonse kuti upeze malaya amodzi okukwana. Koma pa kaunjika kuvundukula ndi ulele, pomwe apa fayilo iliyonse yomwe watsegula kuti ungoona kuti muli chani yakudyera bandulo.

Tiyeni tikumbuke kuti akuphunzira pa intanetiyu ndi ndani kuno kumpoto. Ambiri ndi anthu apantchito, mphunzitsi wa pulayimale kumudzi ku Chitipa kapena ku Mzimba yemwe akukweza maphunziro ake kudzera ODL, maphunziro ochitira kutali ndi koleji, nesi amene wangoweruka naiti, mayi wa ku Chibavi kapena Mchengautuwa yemwe amagwira buku ana akagona. Laputopu alibe ambiriwa, zonse ndi pa foni, foni yake ya sikirini yaing'ono, magetsi akazima batire ndiye chuma, netiweki kwina mpaka ukaime pachulu. Munthu ameneyu akapeza mphindi 30 zowerenga, zisathere kufufuza kuti ndiyambire pati.

Chimandikhudza nchakuti amene anayambitsa Moodle, Martin Dougiamas wa ku Australia, nayenso anakulira kuchipululu kutali ndi sukulu, maphunziro ake oyamba ankachitira pa wailesi ali pakhomo. Moodle anaitulutsa mu 2002 ndipo mpaka lero ndi yaulere kuigwiritsa ntchito. Ndiye zida zothandiza munthu wakutali zilimo kale mkatimo, kungoti sitikuzigwira.

Mwachitsanzo kosi mutha kuigawa m'masabata kapena m'mitu, Moodle imakufunsani yokha mukamaikonza, ndipo mukasankha masabata imadziikira madeti kutengera tsiku lomwe kosi ikuyamba. Ine ndimakonda mitu koma dzina la mutu likhale lomveka, osati Topic 1, Topic 2 basi, lembani kuti sabata 3 tikuphunzira chakuti. Pansi pa dzinalo mizere iwiri itatu yokha yonena kuti sabata ino werenga ichi, kenako onera ichi, ukamaliza yankha kwizi, zitenga pafupifupi maola angati. Ndipo ndondomeko imeneyo ikhale yomweyomweyo sabata iliyonse, chowerenga poyamba, chochita pakati, chopereka kumapeto, kuti ikamafika sabata yachitatu munthu chala chizidziwa chokha kopita. Pamwamba penipeni pakhale kosi autilaini, mmene mamalikisi agawidwire ndi njira yokupezerani inuyo, zokhazo, osati kuunjikapo mabuku onse a semesita.

Madedilaini ndiye ndikupempheni mogwada. Mukapanga asainimenti ikani deti yake mu bokosi la deti momwemo, chifukwa mukatero imaonekera yokha pa kalendala ya wophunzira aliyense. Koma mukailemba mkati mwa PDF tsamba lachinayi, kapena mwangouza kalasi repu kuti alengeze pa gulupu ya WhatsApp, uthengawo umamira pansi pa mauthenga a maliro, a zopereka ndi ma sitika, wina amadzadziwa tsiku litadutsa. WhatsApp ndi yabwino pokumbutsana, koma chenicheni chizikhala pamalo amodzi poti aliyense akachipeza ngakhale patapita mwezi.

Za kukula kwa mafayilo nazo. Tsamba lojambula ndi kamera ya foni limalemera kwambiri kuposa tsamba lotaipa, komanso pa sikirini yaing'ono siliwerengeka bwino, ukulikoka uku ndi uku. Manotsi afupiafupi alembeni ngati tsamba la mu Moodle momwemo, amatseguka msanga ndipo amakwana pa foni. Vidiyo ya ola lathunthu iduleni, kapena ikaniponso mawu okha kuti wa bandulo yochepa amvere. Ndipo lembani pambali kuti fayiloyi ndi ma MB angati munthu asankhe yekha kuti adawuniloda lero kapena adikira bandulo ya usiku.

Pali chimodzi chomwe ndimasiyana maganizo ndi anzanga ena. Moodle imalola kutseka gawo kuti lisatseguke mpaka tsiku lakuti, kapena mpaka munthu amalize gawo lapitalo, ndipo ena amazikonda kwambiri ati wophunzira asadumphe. Pa kwizi ndi mayeso ndikumvetsa, tsekani. Koma manotsi musatseke chonde. Pali anthu amabwera mtauni kamodzi pa sabata kapena pakutha pa mwezi akamadzatenga malipiro, ndipo apu ya Moodle imalola kudawuniloda magawo a kosi nkumakawerenga opanda intaneti. Munthu wotereyu akafika pa Katoto mu Mzuzu netiweki ili bwino amafuna atenge za masabata atatu kutsogolo nthawi imodzi, ndiye mukamutsekera mwamulanga chifukwa cha komwe amakhala, osati chifukwa cha ulesi.

Sindikunyoza alekichala ayi, ambiri ali ndi makalasi akuluakulu, zolemba zoti achonge zili phiri, ndipo ena anangopatsidwa pasiwedi nkuuzidwa kuti ikani zinthu, popanda wowaphunzitsa. Apa ndiye akuluakulu a sukulu alowererepo, pakhale kasanjidwe kamodzi ka makosi onse a dipatimenti kuti wophunzira wa makosi asanu asamaphunzire njira zisanu zopezera asainimenti. Komanso mukakopera kosi ya chaka chatha sinthani madeti ndipo zakale zosafunika zibiseni, zimasokoneza zedi kuona dedilaini ya chaka chatha ili pompo.

Semesita isanayambe tengani foni wamba, zimitsani WiFi ya muofesi, lowani ngati wophunzira poti Moodle imalola kusintha nkuona mmene iye amaonera, ndiye yesani kupeza asainimenti yoyamba. Kapena mupatseni mwana wa chaka choyamba ayese inu mukuona osamuuza kanthu, pomwe waima nkuyamba kufunsa ndi pomwe pafunika kukonza.