Okonda WrestleMania sakhutira

Anthu okonda WWE, ndewu za zibaluni zogwetsana za ku America zija, amanditopetsa zedi. Mu 2023, Cody Rhodes atagonja kwa Roman Reigns pa WrestleMania 39, chionetsero chachikulu cha pachaka cha WWE, anthuwa anabuma pa Facebook ngati pagwa maliro, ati awabera. Chaka chotsatira ku Philadelphia, Cody anapambana, Roman n'kutaya lamba amene anakhala naye masiku 1,316. Mukuganiza kuti mitima inakhala pansi? Ayi ndithu! Ena mwa omwe aja anayambanso kunyinyirika, ati akatswiri ena a WWE, John Cena ndi Undertaker, analowereranji pa ndewu ya eni ake. Nanga mumafuna chiyani, abale?

Koma wondinyansa kwambiri ndi uja amabwera ngati wanzeru kudzatiuza kuti ndewuzi ndi zochita kukonza. Tikudziwa, achimwene! Tasunthani, tionenso Undertaker akumenyetsa katswiri mnzake The Rock pansi.