TB yogona m'thupi: za ku Joni ndi za kuno kwathu

Achimwene anga abwera kuchokera ku Joni mwezi wathawu ali ndi pepala la ku labu ya pulaiveti, lalembedwa QuantiFERON positive, zotsatira za njira yoyezera TB m'magazi. Sakutsokomola, sakuonda, nsima akumaliza mbale, koma amayi kunyumba ku Area 25 tulo sakupeza, akuti mwana wanga wabwera ndi chifuwa chachikulu.

Sichinafike pamenepo amayi. Pepalalo likungonena kuti tizilombo ta TB tinalowapo m'thupi, ndipo ngati tili phee, sangapatsire munthu. WHO imati munthu mmodzi pa anayi alionse padziko anatengapo, ndipo amene amadzadwala ndi 5 mpaka 10 pa 100 alionse, koma ukakhala ndi HIV chiopsezo chimakwera kwambiri.

Njira ya magaziyi ubwino wake umapita kamodzi basi ndipo katemera wa TB, BCG, saisokoneza, pomwe ife kuno, a ku Zambia, a ku Mozambique, ngakhale a ku Joni omwewo tonse tinabayidwa BCG tili makanda, chipsera chili pamkonopo. Ija ya pakhungu, Mantoux, amakubaya kamankhwala pamkono ndiye ubwerenso pakatha maola 48 mpaka 72 ayeze kachotupako ndi rula, kakafika 10 mm, kapena 5 mm ngati uli ndi HIV, ndiye kuti positive. Munthu wochokera ku Nsundwe alipire thiransipoti kawiri chifukwa cha kachotupa? Ambiri sangabwerenso, ndipo sindingawanene.

South Africa idayesapo kudalira Mantoux, mu 2013 amati wa HIV akapezeka positive amwe mankhwala oteteza TB a isoniazid miyezi 36. Kuno njira yake ndi ina, ukapita ku Bwaila ayamba ndi mafunso: mukutsokomola? thupi likutentha? thukuta la usiku? mukuonda? Chikapezeka chimodzi, makhololo ku makina oyezera TB a GeneXpert. Ngati palibe, woyamba kumene ma ARV amamupatsa mankhwala oteteza TB otchedwa 3HP, kamodzi pa sabata kwa miyezi 3, osadikira magazi.

Ine poyamba ndimaona ngati ndi umphawi chabe, tikulephera kugula zoyezera. Koma WHO yomweyo imalola kuti wa HIV komanso mwana wosakwana zaka 5 wa m'nyumba ya wodwala TB ayambe mankhwala oteteza asanayezedwe magazi kapena pakhungu, chifukwa chiopsezo chawo ndi chachikulu. Komanso njira ziwirizi sizisiyanitsa TB yogona ndi yodzuka.

Achimwene ndawauza Lolemba tinyamule pepalalo akajambulitse m'chifuwa kaye, amayinso akuti atiperekeza.