A DWP sadikira ankhoswe

Azimayi anzanga a kuno ku UK, lero ndinenepo nkhani imene timangonong'onezana tikaweruka ku tchalitchi. Banja likagwedezeka, bambo n'kunyamula chikwama chawo, ife timathamangira foni kuimbira kumudzi. Malume amve, ankhoswe akumane, abusa apempherere. Zonsezo sindikutsutsa. Koma akaunti ya Universal Credit, thandizo la ndalama lija boma limapereka mwezi ndi mwezi, timaisiya momwe inalili, ngati kuti a DWP, nthambi ya boma yoyendetsa thandizolo, nawonso akhala pa mkeka kudikira chigamulo cha ankhoswe.

Ineyo ndinachita zomwezo. Bambo a ana anga atachoka, ndinakhala chete miyezi itatu. Mumtima ndinkati ndikakanena kuti tasiyana, ndiye kuti banja ndalithetsa ndi manja anga. Manyazi nawonso analipo, tisanamizane. Chonsecho anthu mukamakhala limodzi claim, kutanthauza pempho la thandizolo, imakhala imodzi, ndalama n'kumalowa mu akaunti imodzi ya ku banki, ndipo yathu inali ya bambowo. Malipiro awo a ku ntchito ankawerengedwabe ngati akudya nafe, motero ndalama ya Universal Credit inkatsika, yotsalayo n'kupita kwa iwo omwewo. Ya renti ndinkachita kupempha pa WhatsApp, uthenga n'kuwerengedwa koma osayankhidwa. Tsiku lina m'shopu ya zakudya za kwathu ndinabweza paketi ya usipa, n'kutsala ndi ufa wokha, khadi itakana kawiri, kamtsikana kanga kakundiyang'ana.

Chimene ndinachedwa kumvetsa n'chakuti kuuza a DWP si chisudzulo. Iwo safunsa kuti wolakwa ndani, safunanso kalata ya kukhoti. Akungofuna kudziwa kuti m'nyumbamo muli ndani, ndipo kuyambira liti. Umalowa pa akaunti yako ya Universal Credit, kusankha ponenera zosintha, kulemba tsiku limene munasiyana, kuika akaunti ya ku banki ya iwe mwini. Mukadzagwirizananso, claim ija amaiphatikizanso. Ndiye mantha athu aja ndi a chiyani?

Kwa ena kuchedwako kumabala ngongole. Mu 2025 ndalama yoyambira ya banja inali £628.10 pamwezi, pamene ya munthu mmodzi wa zaka 25 kupita m'tsogolo inali £400.14. Ngati bambo sankagwira ntchito, iwe n'kumalandirabe ya anthu awiri, yapamwambayo a DWP adzaifuna yonse, kumadula pang'onopang'ono mwezi uliwonse. Akhozanso kuwonjezerapo chindapusa cha £50, ndipo akaona kuti unabisa dala, nkhani imasanduka ya chinyengo.

Ndikudziwa wina anena kuti, "Nanga ife tinasiyana koma tikukhala nyumba imodzi, renti yake iti yoti munthu asamuke?" Zimenezonso zimaneneka. Mukhoza kuwerengedwa ngati osiyana ngati aliyense akuphika mphika wake, akugona chipinda chake, ndalama aliyense zake. Mafunso adzakufunsani ndithu, ndipo muyankhe zoona. Osati usiku mukudyera mbale imodzi, masana mukuti tinasiyana.

Zina n'zachidule. Ukatsala wamkulu wekha m'nyumba, a khonsolo amachotsako 25 peresenti pa Council Tax, msonkho wa nyumba uja, koma uyenera kupempha. Child Benefit, ndalama ya boma yothandizira kulera ana, ili kwa a HMRC, nthambi ya misonkho, osati DWP, ndiye uwauze paokha, makamaka ngati inkatuluka m'dzina la bambo pamene ana ali ndi iwe. Ndalama yosamalira ana imene bambo amapereka sichepetsa Universal Credit yako.

Amene munabwera pa viza ya ukwati, nkhani yanu ndi ina. Ambiri simuloledwa kulandira thandizo la boma, ndipo banja likatha a Home Office, amene amaona za maviza, amayenera kudziwitsidwa. Apa musadalire malangizo a m'gulupu ya WhatsApp, pitani ku bungwe lopereka malangizo la Citizens Advice, n'kwaulere. Ngati mukuthawa nkhanza, pali chilolezo cha miyezi itatu chimene chimakulolani kulandira thandizo pamene mukukonza mapepala.

Ankhoswe athu anakumana ku Lilongwe patatha miyezi 7, atalephereka kawiri chifukwa cha maliro ndi mvula. Anatiimbira pa vidiyo, netiweki ikudukaduka, malume akufunsa ngati ana akudya bwino. Ndinawayankha kuti eya. Renti ya mwezi umenewo ndinali nditalipira kale, kuchokera mu akaunti ya dzina langa.