Jini ndi yomweyo, nkhani ndi amene wakhalapo

Anzanga, pali mawu amene amanditopetsa: "Zimenezo n'za m'majini, palibe chomwe ungachite." Musathawe, ndikunena majini a mu DNA, malangizo a thupi amene timatengera kwa makolo athu, osati aja a mizimu.

Ine ndimaona kuti kungokhala ndi jini si nkhani yaikulu. Selo ya m'diso ndi selo ya m'chiwindi zili ndi DNA yofanana, koma ntchito zawo n'zosiyana kutalitali. Chimazisiyanitsa n'chakuti ndi mapuloteni ati amene apeza malo pa DNA imeneyo, ndipo ndi ati amene atsala panja.

Malowo ndi ochepa zedi. DNA ya m'selo imodzi ya munthu mutaitambasula ingafike pafupifupi mamita 2, koma imapanikizidwa m'kachipinda kosaoneka ndi maso. Kuti ikwanemo imakulungidwa ngati ulusi pa mapuloteni otchedwa histone: mapuloteni 8 amagwirana, kenako kachigawo ka DNA ka zilembo (timagawo timene timapanga DNA) pafupifupi 147 kamazungulira pamenepo. Wasayansi Roger Kornberg ndi amene anafotokoza kakulungidwe kameneka mu 1974. Ndiye taganizani, mwa munthu muli mitundu pafupifupi 1,600 ya ma transcription factor, mapuloteni amene ntchito yawo ndi kuyatsa kapena kuzimitsa majini. Ambiri mwa iwo akapeza kuti pamalo pawo pakulungidwa kale, satera. Amangodutsa, jini n'kukhala chete ngati kulibe.

Chitsanzo chimene chimandisangalatsa ndi kavairasi ka lambda, kamene kamalowa m'bakiteriya wa E. coli. Kali ndi mapuloteni awiri, CI ndi Cro, amene amalimbirana timalo titatu toyandikana pa DNA. CI akapambana, vairasiyo imagona phee m'kati mwa bakiteriya mibadwo ndi mibadwo. Cro akapambana, imachulukana n'kuphulitsa seloyo. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Palibe chilembo cha DNA chimene chasintha, koma kwa bakiteriya uja ndi nkhani ya moyo kapena imfa.

Mwina mukuti, za mabakiteriya zikutikhudza chiyani? Tiyeni tikambe za sickle cell, matenda a magazi otengera kwa makolo.

Mwana akakhala m'mimba amagwiritsa ntchito hemoglobini (puloteni yonyamula mpweya m'magazi) ya mtundu wake, yosiyana ndi ya akuluakulu. Akabadwa, m'miyezi yochepa jini yake imazimitsidwa, ya akuluakulu n'kuyamba. Vuto la sickle cell lili mu hemoglobini ya akuluakuluyo, n'chifukwa chake khanda la sickle cell limaoneka labwinobwino poyamba, mavuto amadzayamba pambuyo pake. Wozimitsa wamkulu wa jini ya hemoglobini ya ukhanda ija ndi puloteni ya BCL11A. Mu 2021, gulu la wasayansi Stuart Orkin ku Boston linaonetsa kuti BCL11A imakhala pafupi kwambiri ndi malo a NF-Y, puloteni imene imayatsa jini imeneyo, moti imaikankha. Mpando umodzi, ofuna kukhalapo awiri. Ndipo alipo anthu obadwa ndi kasinthidwe kakang'ono pamalo pomwe BCL11A imatera. Iwowa amapitirizabe kupanga hemoglobini ya ukhanda moyo wawo wonse, ndipo akakhala ndi sickle cell, matendawo sawavutitsa kwambiri.

Apa m'pamene ndimati tisiye kukamba za majini ngati chigamulo cha khoti. Koma musandimve molakwa. Sindikunena kuti chakumwa china chake kapena "kuganiza zabwino" kungachotse puloteni pa DNA yanu monga amanenera ogulitsa mankhwala a pa intaneti. Ayi ndithu. Kuti anthu adziwe mpando umodzi wokha wa BCL11A, zinatenga zaka zambiri m'malabotale.

Taonani zimene chithandizo cha Casgevy chimachita, chimene dziko la Britain linavomereza mu Novembala 2023. Madokotala amatenga maselo opanga magazi a wodwalayo, n'kudula ndi CRISPR, chida chodulira DNA, kachigawo ka DNA kamene kamachititsa kuti BCL11A ipangidwe m'maselo ofiira, kenako amawabwezera m'thupi. BCL11A ikachepa, mpando uja umatsala wa NF-Y, hemoglobini ya ukhanda n'kudzukanso. Chilembo cholakwika chimene chimayambitsa sickle cell sachikhudza n'komwe, chimatsala pomwepo. Choluma n'chakuti ku America mtengo wake anauika pa madola 2.2 miliyoni kwa wodwala mmodzi.