Phokoso lichepetsedwe, koma mosamala

Zikomo alembi chifukwa cha nkhaniyi. Mwanena kuti nyimbo zakale za blues, mtundu wa nyimbo za anthu akuda a ku America, zikamatulutsidwanso, phokoso lonse la pa mbale za galamafoni lizichotsedwa ndi kompyuta. Pamenepo pokha ndiye sindikuvomera. Mbale za kampani ya Paramount, monga zomwe woimba Skip James anajambula ku Grafton, ku America, mu 1931, zinapangidwa ndi zipangizo zotchipa, ndipo zatsala zochepa kwambiri, zinanso zokalikakalika. Mukapala phokoso lonselo, mumapalira limodzi kapumidwe ka woimba ndi kakulira ka chala chikamatsetsereka pa waya wa gitala. Achepetse inde, koma asasalaze.

Zoti ntchito yotulutsanso nyimbozi ndi yofunika, tili limodzi. Harry Smith, wosonkhanitsa mbale zakale wa ku America, atasonkhanitsa nyimbo 84 n'kuzitulutsanso mu 1952, achinyamata anamva mawu ofatsa a Mississippi John Hurt, amene anajambula mu 1928 kenako n'kubwerera kumunda. Mu 1963 okonda nyimbo zawo anakawapeza ali moyo kwawo ku Avalon, m'chigawo cha Mississippi, ndipo mkuluyo anaimbira khamu pa chikondwerero cha nyimbo cha ku Newport asanamwalire mu 1966.

Pempho langa n'lakuti makampani otulutsanso nyimbozi azifunafuna adzukulu a oimbawa kuti nawonso alandireko kangachepe. Ambiri mwa agogo awo analipidwa kamodzi kokha basi.